Malonjezo a Chaka Chatsopano ndi Madzi a Januwale

Usiku wa pa 31 Disembala anthu a m'Chigwa cha Shire sagona msanga. Kuyambira pa Dyeratu, kudzera pa Nchalo ndi pa Ngabu mpaka kukafika ku Bangula, nyumba za mapemphero zimakhala zodzaza, ng'oma zili kulira, nyimbo zili kumveka kutali, ndipo kutentha pamodzi ndi udzudzu sizibweza munthu m'mbuyo. Nthawi ikamayandikira 12 koloko mpingo wonse umagwada, ndipo pamene nthungululu ziyamba, aliyense amakhala atanenapo kanthu kwa Mulungu wake za chaka chimene chili kubadwacho. Ena amalemba mawu awo pa kapepala ndi kukapinda m'Baibulo, ena amangowasunga mumtima.

Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo palibe chifukwa choutonzera. Koma amene amatchera khutu ku mapemphero ndi maumboni a usiku umenewu adziwa kuti mawu amene amachuluka ndi awa: chaka chino ndipeze ntchito, chaka chino ndimange nyumba ya malata, chaka chino ndisankhidwe kupita ku koleji, chaka chino adani anga achite manyazi. Zonsezi ndi zopempha, si malonjezo ayi. Kupempha si tchimo, pakuti mwana amapempha kwa atate wake. Komabe pempho limatchula zimene Mulungu achite, pamene lonjezo limatchula zimene munthuyo achite. Akhristu ambiri amatuluka m'tchalitchi m'bandakucha wa pa 1 Januwale atamusenzetsa Mulungu mtolo wa ntchito za chaka chonse, iwo eni osatolako ngakhale kamtengo kamodzi. Nkhani ino ikuti chaka chatsopano cha Mkhristu chiyambe ndi lonjezo lake la iye mwini, laling'ono, lodziwika tsiku lake, ndiponso loti lingathe kupirira mwezi wa Januwale monga umakhalira kuno kuchigwa.

Tsiku la 1 Januwale palokha si lopatulika. Lidachokera ku kalendala ya Aroma, ndipo ngakhale dziko la England lidayamba kuliwerengera ngati chiyambi cha chaka m'chaka cha 1752 chabe. Chaka cha Mpingo, kwa Akatolika ndi Aangilikani, chimayamba ndi nyengo ya Adiventi, ndipo chaka cha mlimi chimayamba ndi mvula yobzalira. Motero palibe mphamvu ya matsenga imene imatsika nthawi ikakwana 12 koloko. Chimene tsikuli lipatsa munthu ndi mpata woima ndi kudzifunsa. John Wesley, amene adayambitsa mpingo wa Methodist, adachititsa mu 1755 ku London mapemphero otsitsimutsa pangano la munthu ndi Mulungu, ndipo pambuyo pake otsatira ake adazolowera kuwachita kumayambiriro kwa chaka. Pa mapemphero amenewo anthu sankabwera ndi mndandanda wa zofuna zawo, koma ankadzipereka kuti Mulungu awagwiritse ntchito monga afunira, pabwino ndi poipa pomwe.

Tsono lonjezo ndi ngongole. Buku la Mlaliki, mutu 5, lichenjeza kuti munthu asafulumire kutsegula pakamwa pamaso pa Mulungu, ndi kuti kusalonjeza konse kuposa kulonjeza chinthu chimene sadzachita. Pano pa Malawi pali mawu odziwika akuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kukumbukira Mfumu Herode amene adalumbira pa phwando, mtima uli m'mwamba, osaganiza kumene lumbirolo likamufikitse. Malonjezo ambiri a chaka chatsopano amabadwa m'njira yomweyo, pakati pa phokoso ndi chisangalalo, ndipo n'chifukwa chake sakhalitsa. Chitsanzo chabwino ndi Zakeyu, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko uja. Iye atalandira Yesu m'nyumba mwake sadanene kuti adzayesetsa kukhala munthu wabwino, koma adatchula chiwerengero: theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene adamulanda. Aliyense wa ku Yeriko akadatha kuona pakutha pa mwezi ngati Zakeyu adasunga mawu ake kapena ayi.

Mwezi woyesa mitima

M'mayiko ena Januwale ndi mwezi wa chisanu, pamene anthu akhala m'nyumba ndi kulingalira mofatsa. M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje sizili choncho. Uno ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala zitagona, mapira ndi mchewere zisanache, chimanga chili chokwera mtengo pamsika. Ndalama zochepa zimene zidalipo zidapita ndi mpunga ndi zovala za Khirisimasi, pamene teremu yachiwiri ili kutsegulidwa ndipo ana afuna makope, yunifomu ndi sopo. Bambo amasiya munda wake uli ndi udzu kukapalira wa mnzake kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. M'zaka za njala amayi amalowa m'madambo momwe muli ng'ona kukazula nyika. Malungo nawo amafika pachimake. Munthu amene adalonjeza usiku uja kuti chaka chino sanama, sakongola katapila, ndipo satukwana mkazi wake, amakumana ndi mayeso ake masabata awiri asanathe.

Pamwamba pa njala pali madzi. Pa 13 Januwale 2015 boma lidalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi chifukwa cha kusefukira kwa madzi, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndiwo adavutika koposa. Anthu 106 adafa, ena 172 adasowa, ndipo pafupifupi 230,000 adathawa m'nyumba zawo. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe wa Idai idabwerezanso. Chakumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la pa Kapichira, dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo msewu waukulu wa M1 udaduka m'malo angapo m'boma la Chikwawa. Mu Malichi 2023 kudadza Freddy, amene adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera. Chowawitsa mtima n'chakuti madzi ambiri amene amamiza chigwa sagwa m'chigwamo. Amachokera ku mapiri a Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi Blantyre, natsika ndi mitsinje ya Ruo, Mwanza, Likhubula ndi ina, kotero kuti mudzi ukhoza kugona kuthambo kuli nyenyezi ndi kudzuka madzi ali m'chiuno.

Akulu akale adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mwambi umenewu uyenera kulembedwa pamwamba pa kapepala kalikonse ka malonjezo a chaka chatsopano. Lonjezo limene lingasungike pokhapokha m'thumba muli ndalama, m'mimba muli nsima ndipo nyumba ili chiimire, silidzaona mwezi wa Febuluwale. Wolonjeza adzifunse asanatsegule pakamwa: kodi chinthu ichi ndingachichite ndili ndi njala? Kodi ndingachichite ndili pa msasa wa anthu othawa madzi, ndikugona m'kalasi pamodzi ndi mabanja ena makumi awiri? Ngati yankho lili ayi, ndiye kuti chimene ali nacho ndi khumbo chabe.

Manda a kwa Chibisa

Chigwa chino chili ndi mbiri yakeyake ya pangano la tsiku la chaka chatsopano. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie adafika ndi gulu loyamba la amishoni a UMCA, adakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi David Livingstone mpaka pa mudzi wa Mfumu Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, nakakhazika mishoni ku Magomero. Mackenzie adali katswiri wa masamu wa ku yunivesite ya Cambridge, munthu wodziwa kuwerengera. Iye adapangana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene mtsinje wa Ruo uthira mu Shire, kufupi ndi Chiromo. Bishopuyo adachedwa kunyamuka, ndipo ulendo wake udagwera pakati pa dzinja. Iye ndi Mbusa Henry Burrup adatsikira kwa Chibisa m'matope, nakwera bwato. Ali panjira bwato lidagubuduzika, ndipo mankhwala awo a malungo adapita ndi madzi. M'malo mobwerera kukatenga ena, iwo adapitirira. Atafika pa Ruo adapeza Livingstone atadutsa kale kulowera kumunsi. Adakhala pa chilumba kudikira, malungo adawagwira, ndipo pa 31 Januwale 1862 Mackenzie adamwalira ali ndi zaka 36. Burrup adamuika m'manda, adabwerera ku Magomero ali wodwala, nayenso adamwalira mu Febuluwale.

Otsala adasamutsira mishoni kwa Chibisa m'chaka chomwecho. Kumeneko adakumana ndi chilala ndi njala yoopsa, imene pamodzi ndi nkhondo za ogula akapolo idapulula anthu ambiri a m'chigwa. Amishoniwo adagawana chakudya chawo chochepa ndi anthu amene adawapulumutsa ku ukapolo. Mbusa Henry Scudamore adamwalira pa tsiku lenileni la chaka chatsopano, pa 1 Januwale 1863, ndipo dokotala wawo, John Dickinson, adatsatira mu Malichi. Manda a awiriwa ali ku Chikwawa mpaka lero. Bishopu William Tozer, amene adalowa m'malo mwa Mackenzie, adachotsa mishoni m'chigwa, ndipo mu 1864 adaipititsa ku Zanzibar. Padapita zaka zoposa makumi awiri kuti mpingowo ukhazikike pa chilumba cha Likoma mu 1885.

Mbiri imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri zimene zioneka ngati zotsutsana, koma Mkhristu ayenera kuzigwira zonse pamodzi. Choyamba n'chakuti changu pachokha sichikwanira. Palibe amene angakayike kulimba mtima kwa Mackenzie, koma kupitirira ulendo wa m'madambo mwezi wa Januwale popanda mankhwala kudali kulakwitsa masamu, ndipo Mulungu sadasinthe chikhalidwe cha malungo chifukwa chakuti wodwalayo adali bishopu. Yesu mwini, pa Luka 14, adanena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuopa kuti anthu angamuseke maziko atamukanika. Chachiwiri n'chakuti chaka sichili m'manja mwa munthu. Kalata ya Yakobo, mutu 4, idzudzula amalonda amene amakonza za chaka chathunthu ngati kuti mawa ndi lawo. Scudamore sadaone dzuwa la pa 2 Januwale. Komatu zimene adachita masiku ake otsiriza, kudyetsa anjala ndi kusathawa anthu amene adawalonjeza chitetezo, zidali m'manja mwake, ndipo adazichita. Mkhristu sangalonjeze zotsatira. Angalonjeze ntchito ya tsiku lililonse limene apatsidwa.

Lonjezo lokhoza kusungika

Tsono lonjezo labwino likhale lotani? Poyamba likhale laling'ono. Ambiri amalumbira kuti chaka chino awerenga Baibulo lonse. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, kutanthauza mitu yoposa itatu tsiku lililonse osaphonya. Munthu wotere amayenda bwino m'Genesis ndi Eksodo, koma akafika pa malamulo a nsembe a m'Levitiko, nthawi imeneyo n'kuti khasu litamutopetsa, amatseka buku mpaka Disembala wina. Koma Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260. Chaka chili ndi masabata 52, ndipo kuwerenga mutu umodzi tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kukwanitsa mitu 260 ndendende. Mutu umodzi sutenga nthawi yoposa imene madzi a tiyi atenga kuti awire. Baibulo lonse lidatuluka m'chilankhulo chino mu 1922, ndipo kumasulira kwina kwa mawu apafupi, Buku Loyera, kudatuluka mu 1998, choncho chodandaulira palibe. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Malonjezo awiri kapena atatu osungidwa aposa khumi olembedwa bwino, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Kachiwiri, lonjezo likhale ndi tsiku, malo ndi mboni. Mawu akuti ndizipemphera kwambiri alibe pogwira, koma akuti banja lino lizipemphera pamodzi likatha kudya nsima ya madzulo ali ndi nthawi yake, ndipo ana omwe adzakumbutsa tsiku limene bambo aiwala. Jonathan Edwards, mlaliki wa ku America, adalemba malonjezo 70 m'zaka za 1722 ndi 1723 ali mnyamata wa zaka pafupifupi 19, msinkhu wa ambiri amene angotsiriza Fomu 4. Chofunika kutengerapo si kuchuluka kwa malonjezowo, koma kuti adayamba ndi kuvomera kuti popanda thandizo la Mulungu sangathe kanthu, ndiponso adadziikira lamulo lowawerenga kamodzi sabata iliyonse. Kapepala kopindidwa m'Baibulo kosatsegulidwanso sikasintha munthu. Ndi bwino kuuzako munthu mmodzi wokhulupirika, mkulu wa mpingo, mnzako wa m'kwaya kapena wa m'mphakati, ndi kumupatsa ufulu wofunsa pakutha pa mwezi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kachitatu, lonjezo likhale ndi nkhope ya munthu wina. Chikhristu chimene chithera pa kusala kudya ndi kuchezera m'mapemphero, mnansi osapindulapo kanthu, aneneri adachidzudzula kalekale. Pa Mateyu 5 Yesu adalamula kuti wopereka nsembe akakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye mphatso yake paguwa, ayambe wakayanjana naye. M'midzi yambiri muli abale a bere limodzi amene salankhulana chifukwa cha malire a dimba amene madzi adafafaniza. Muli ngongole za ku banki mkhonde zimene wokongola adangoti zii, anzake akuvutika. Muli agogo amene denga lawo lidontha pamene adzukulu awo ali kuimba m'kwaya. Munthu amene afuna lonjezo la uzimu asayang'ane kutali. Atchule dzina la amene adzamubwezera, la amene adzamupepesa, ndi la amene adzamufolerera nyumba, ndipo aike tsiku lake mwezi uno usanathe.

Kwa otsiriza sukulu ndi aphunzitsi awo

Palibe amene chaka chatsopano chimamulemera ngati mnyamata kapena mtsikana amene adalemba mayeso a MSCE ndipo tsopano ali pakhomo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri belu lidamuuza nthawi yodzuka, yolowa ndi yoweruka. Lero belu kulibe. Malo ku mayunivesite ndi ku makoleji ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, ntchito ya m'minda ya nzimbe ku Nchalo ili ndi nyengo yake, ndipo anzake ena adapita ku Joni. Wotereyu akalonjeza kuti chaka chino apeza ntchito, walonjeza chinthu chimene chili m'manja mwa ena, ndipo chikalephereka adzakwiyira Mulungu pachabe. Zimene zili m'manja mwake ndi izi: kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngati kuti belu likadalipo, kulima gawo lakelake la thonje, chitowe kapena mbatata osachita manyazi ndi satifiketi, poti mbewa ya manyazi idafera kuuna, kudziphatika kwa mmisiri wa matabwa, wa njinga kapena wa makina osokera kuti aphunzire luso, kubwereza phunziro limene lidamugwetsa ngati afuna kulembanso mayeso. Ndipo pali zoyenera kukana motchula dzina: juga ya mpira ya pa lamya imene imadya ndalama ya kabaza ya tsiku lonse m'mphindi zochepa, kachasu wa masana, ndi bambo wandalama amene alonjeza mtsikana fizi ya ku koleji posinthana ndi thupi lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi nawo ali ndi guwa lawo la nsembe, ndilo kalasi. Mavuto awo ndi odziwika: ana ochuluka, mabuku ochepa, nyumba zosowa, kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumene kumapitirira madigiri 40, ndi masabata otayika pamene makalasi asanduka misasa ya othawa madzi. Zimenezi mphunzitsi sangazithetse ndi lonjezo. Koma mphunzitsi amene amatsogolera mapemphero Lamulungu, Lolemba nafika pasukulu phunziro loyamba litatha, ali kulalikira maulaliki awiri osiyana, ndipo ana amakhulupirira wachiwiriwo. Lonjezo la mphunzitsi Wachikhristu likhoza kukhala lopanda mawu okometsera: kubweza makope ochongedwa sabata isanathe, kuphunzitsa mitu yonse ya silabasi m'kalasi osasungako ina kuti akaigulitse pa maphunziro apadera, kusatchula mwana aliyense kuti mbuli, kusayang'ana mtsikana wa sukulu ndi diso lina koma la kholo, kupita kukafunsa kwawo kwa mwana amene wajomba masabata awiri madzi atasefukira, asanamve kuti adakwatiwa. Mphunzitsi wosunga zisanu zimenezi kwa chaka chimodzi wachita za uzimu zoposa amene wasala kudya masiku makumi anayi makope ali mulu pansi pa bedi.

Nanga madzi akabwera?

Wina anganene kuti zonsezi n'zolankhula anthu okhuta. Kodi munthu amene wamanga nyumba katatu m'zaka khumi, katatu konse madzi n'kuitenga, angakonzerenji za chaka? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo wolifunsa sayenera kunyozedwa. Komabe mawu akuti zonse ndi Mulungu amasanduka pobisalira ulesi ngati atanthauza kuti munthu asachite chimene angathe. Nowa adakhoma chingalawa kusanagwe dontho, ndipo Yosefe adasunga tirigu m'zaka za dzinthu. Madzi saiwala khwawa: pamene adadutsa mu 2015 ndi pomwe adadutsanso mu 2022. Nkhani yosamukira kumtunda ndi yovuta, chifukwa nthaka ya chonde ili kumadimba, manda a makolo ali komweko, ndipo malo a kumtunda ali ndi eni ake. Koma banja likhoza kulonjeza zimene lingathe: kupempha malo ogona kumtunda kwa mfumu uku likulimabe kudimba, kugwirizana lero kumene ana ndi okalamba adzathawire, kumvera chenjezo la pa wailesi ndi la komiti ya m'mudzi osati kudikira kuona madzi pakhonde, kusunga masatifiketi ndi mbewu pamalo okwera. Ndipo Akhristu a kumtunda amene ali ndi malo, lonjezo lawo likhale kulandira abale awo popanda kuwadyera masuku pamutu. Nzako akapsa ndevu m'zimire.

Pomaliza pali funso la amene adzagwa, pakuti ambiri adzagwa. Petro adalonjeza usiku kuti sadzamusiya Ambuye wake, ndipo tambala asanalire adamukana katatu. Kusiyana kwa Petro ndi Yudasi sikudali pa kukula kwa tchimo, koma pa chimene aliyense adachita pambuyo pake. Apa ndi pamene lonjezo la Mkhristu lisiyana ndi la munthu wongodalira mphamvu zake. Uyu akaphonya kamodzi amati zatha, adikira Januwale wina. Mkhristu adziwa kuti sapulumuka chifukwa cha kusunga malonjezo, koma amawasunga poyamika chisomo chimene adalandira kale, ndipo chisomocho sichiyendera kalendala. Mlimi wa m'chigwa amadziwa bwino zimenezi. Madzi akakokolola mbewu zake za dzinja sakhala pansi kudikira mvula ya chaka chamawa. Akangophwa, mu Epulo kapena Meyi, iye amatsikira kudimba ndi mbewu ya chimanga, nyemba ndi mbatata, nabzala pa chinyontho ndi pa nthaka yatsopano imene madzi omwewo adasiya. Kawirikawiri chakudya chimene chimapulumutsa mabanja a kuno n'cha kubzala kwachiwiri kumeneku.

Tsono amene adapinda kapepala m'Baibulo usiku uja akatulutse sabata ino, masana, mtima uli pansi. Awerenge mzere uliwonse ndi kusiyanitsa zopempha ndi zolonjeza. Zopemphazo azisiye m'manja mwa Mulungu amene adziwa nthawi yake. Pa zolonjezazo asankhepo ziwiri kapena zitatu, alembe tsiku ndi dzina pambali pa chilichonse, ndipo akauze mboni yake. Amene apeza kuti pa kapepala kake palibe lonjezo ngakhale limodzi asataye mtima, chifukwa chaka chikadali chanthete ndipo mmera m'poyamba. Pakutha pa Malichi, madzi atapita, akatsegulenso kapepalako ndi kuona chimene chatsala chiimire. Chimene chagwa achibzalenso.